Netiweki Yathera Pachulu

Amayi, muliko bwanji kumene munapitako?

Kuno chimanga chinachita mwa apo ndi apo, fodya wa atsibweni anapsa ndi dzuwa. Mzime wanu Esnati ndi woyembekezera, mwezi wamawa ndi wake. Ndi nkhani yabwino, koma ine ikundidya mumtima, chifukwa foni sikugwirabe m'nyumba mwanu muja momwe akukhala. Zili monga tsiku lija munkabanika, ife n'kuthamangira kuchulu kukaimbira galimoto, n'kubwerako mutatisiya kale.

Ndikadali pa ntchito ija ya nsanja za mafoni. Paja munkandiseka kuti, "Sukulu yonse ija kuti uzikwera mitengo yachitsulo ngati pusi?" Masiku ano sitikwerakwera. Pansanja ya ku Mitundu tinaikapo ma antena atsopano, oloza okha mphamvu kumene kuli mafoni, ngati munthu wowunikira tochi. Ine ndimawachuna kuti aziloza bwino. Ndinadzitama, Amayi. Ndinauza mudzi wonse kuti zothamangira kuchulu zatha.

Koma anthu anu mukuwadziwa. Aliyense amazimitsa foni kunyumba posunga batire, n'kukayatsira pachulu. Ndiye makinawo amaona ngati anthu onse akwathu amakhala pachulu, m'mudzimo mulibe ndi mmodzi yemwe. Ndinayenda khomo ndi khomo kuwachonderera kuti asiye mafoni oyaka sabata imodzi yokha, kuti antenayo awamve ngakhale monong'ona. Anavomera ndi mtima wonse, ena mpaka kundipatsa mtedza. Tsiku lachiwiri mabatire anali atatha ndi kusakasaka netiweki. Kotchajitsa ndi kutali, onse anazimitsanso. Sindikuwada.

Mabwana ataona mapu anati tisamataye mphamvu kutchire, tiloze kumsewu wopita ku Nathenje. Ndinatsutsa mpaka mawu kusasa, koma pakompyuta mudzi wathu suoneka. Ndalephera, Amayi, ndipo manyazi andigwira. Kwathu ndimadutsa chozyolika. Pachulu pokha ndiye pakugwira kuposa kale, mbuzi ndi zimene zikudyerera.

Mvula yayandikira, mwamuna wa Esnati ali ku Joni, ndipo Esnatiyo sangakwere chulu ali chonchija. Loweruka ndikamutenga, azikakhala kwanga ku Nathenje. Ndikudziwa munati nyumba yanu isadzagone yopanda munthu. Mundikhululukire, titseka ndi loko.

Ndikulonjeza chinthu chimodzi chokha chimene ndingathe: Esnati sakutsatirani chaka chino.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yohane