Tinakubisirani Dzuwa, aNangozo

ESNATH NGOZO
Anabadwa pa 2 Malichi 1990, anatisiya pa 19 Julaye 2021

Lero zakwana zaka zitatu, aNangozo, chikutengereni matenda a siko selo, aja munabadwa nawo m'magazi. Anthu amati mtima umazolowera. Kaya wawowo. Ine mwamuna wanu Paison, mtima wanga ukukana.

Nkhungu ya mu Juni ikangotsika ku Lizulu kuno, mafupa anu ankayamba kubaya. Ndiye ine ndi amayi anu tinkakutsekerani m'nyumba, mabulangete atatu, mawindo titatseka ndi masaka a kachewere. Inu n'kumaseka kuti takusungani ngati mbatata ya mbewu. Tikapita kudimba munkazemba kukaothera dzuwa kuseri kwa khola la ng'ombe, ine pobwera n'kukukalipirani ngati mwaba. Munkangolowa m'nyumba mukumwetulira.

Ulendo womaliza kuchipatala, adokotala ndi amene anatiuza kuti mafupa anu anafooka kale, vitamini D anachepa m'thupi. Akuti thupi limamupanga khungu likaombedwa ndi dzuwa, ndipo odwala matenda anuwa amapereweredwa kawirikawiri. Mayo ine! Zaka zisanu ndi zinayi ndikulondera chitseko, ndikuyesa chikondi. Ananditonthoza kuti dzuwa lokha silikanakuchizani, koma mawu amenewo sakhazikika mwa ine. Amayi anu mpaka lero sadutsa kuseri kwa khola lija.

Tsono imvani chimene chikundidya. Mwana wathu Mervis anamuyeza chaka chatha, ndipo matendawa ali nawo. Akuti theka linachokera kwa inu, theka kwa ine, munthu amene sindinagonepo m'chipatala. Maso ake ayamba chikasu, ndipo sabata yatha mwendo unamukanika popita kusukulu. M'mawa uliwonse ndimamuyalira mphasa pamalo panu pomwe paja. Koma mphepo yochokera ku Mozambiki siisankha tsiku. Ndikamuvundukula, kuzizira kumamudzutsira ululu. Ndikamufunditsa, dzuwa silimukhudza. Ndimangoima pamenepo bulangete lili m'manja, ng'ombe zikulirira kubusa.

Inu munkalimva thupi lanu, mukanandiuza nthawi yofunditsa ndi nthawi yomuleka mwana. Munali nalo yankho, aNangozo, koma ine sindinakufunsenipo ngakhale kamodzi.

Tikukulirani ine, Mervis, amayi anu ndi mlongo wanu Aleck. Sitidzakuiwalani, ndipo masaka aja ndinawachotsa m'mawindo.