Ndinafunsira Madzi Ali M'mawondo

Llanidloes, Wales

Wokondedwa mwana wanga Mared,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino kumeneko ku Canada, pamodzi ndi amuna ako a Graham ndi adzukulu anga, Nia ndi Osian. Kodi chifuwa cha Osian chija chinatha? Kuno ndili bwino kwambiri. Bondo lokha ndilo limadandaula mvula ikamabwera, koma limenelo tinazolowerana.

Usadabwe kuona kalata ya pamanja pamene timalankhulana Lamulungu lililonse. Nkhaniyi ndayesa kuiyamba kangapo pafoni, koma ana akangoyamba kudumphadumpha kutsogolo kwa kamera, ndimangokufunsa za nyengo. Tsono thira tiyi, ukhale pansi, uwerenge mpaka kumapeto.

Unamva kale kuti azakhali ako a Beti ananditengera kutchuthi. Ine sindinkafuna. Chimwalirireni amayi ako, maulendo anga anali a kutchalitchi, kumanda ndi kusitolo basi. Koma azakhali ako ukuwadziwa. Anabwera ndi sutikesi yopanda kanthu n'kuyamba kulongedza okha malaya anga, akunena kuti atopa ndi mlongo amene wayamba kufanana ndi mpando wake. Anati achita kale lendi kanyumba pafupi ndi Harlech, ndipo ndikakana andinyamula ndi mpando womwewo.

Chimene sanandiuze n'chakuti tikhala atatu. M'mawa wa ulendo panafika kagalimoto kofiira, woyendetsa ali mayi wa imvi, tsitsi lodula lalifupi, magalasi ali pamphumi. Anali a Olwen, mnzawo wa kukwaya. Ankaphunzitsa kupulayimale ku Newtown, ndipo amuna awo anamwalira zaka zingapo zapitazo.

Anandikhazika kumbuyo pamodzi ndi zikwama. Tangoganiza, munthu woti ndayendetsa basi moyo wanga wonse. Ndinatupa ngati chule. Pakona iliyonse phazi langa linkaponda buleki yomwe panalibe, mpaka a Olwen anandiyang'ana pagalasi n'kunena kuti ndikaboola pansi pa galimoto yawo ndikonza ndekha. Ndinafuna kukwiya, koma ndinapezeka ndaseka.

Kanyumbako kali m'mbali mwa phiri, nkhosa zimadya pakhomo penipeni, ndipo ukatsegula zenera la kukhitchini nyanja ili apo. Khomo lake ndi lalifupi moti ndinkagunda mutu m'mawa uliwonse. Azakhali ako ankati n'zabwino, mwina nzeru zingadzuke.

Tsiku loyamba tinapita ku linga la miyala la ku Harlech. Ukudziwa, ndinkapititsa ana a sukulu kumeneko zaka zambirimbiri, koma sindinalowemo n'kamodzi komwe. Ndinkatsala m'basi ndi nyuzipepala. Mared, ndinkadzimana. Makoma ake ndi okhuthala moti basi ikhoza kubisala kuseri kwake, ndipo lonselo lakhala pamwamba pa thanthwe ngati linachita kumera.

Azakhali ako anati miyala anaiona kale, iwo adikira pansi ndi keke. A Olwen anati akwera nsanja ya lingalo, ndipo anandifunsa ngati bondo langa lingalole. Ndikanayankha chiyani pamaso pa mayi? Ndinati bondo limeneli lakwerapo zoposa apa.

Masitepe ake ndi opapatiza, ozungulira ngati chigoba cha nkhono. Ndinafika pamwamba ndili wefuwefu, koma zimene ndinaona zinandiiwalitsa kupuma. Mapiri uko, nyanja uku, milu ya mchenga mpaka kutali, ndi kasitima pansi kakuyenda ngati mbozi. Kenako ndinalakwitsa. Ndinasuzumira pansi.

Ukalamba wonsewu sindinkadziwa kuti ndimaopa pamwamba. Ndinakhala pansi nditakumbatira khoma, thukuta lili kamukamu, anthu ofuna kutsika atandandana kumbuyo kwanga. Ndinauza a Olwen kuti atsike okha, akauze achemwali kuti mlongo wawo wasamukira pansanja.

Sanandiseke. Anatsogola, n'kundiuza kuti ndiike manja pamapewa pawo, ndiziyang'ana tsitsi lawo lokha. Kenako anayamba nyimbo ya kutchalitchi, ija amayi ako ankaikonda pa Pasaka, mzere umodzi sitepe imodzi. Tisanafike pakati ndinamva mawu a besi akuimba nawo, ndipo ndinadabwa kuzindikira kuti ndi anga. Anthu a kumbuyo aja nawonso analowerera, mawu akumveka m'miyala monse ngati tili m'tchalitchi chachikulu. Mwana wanga, chichokereni pamaliro paja ndinali ndisanaimbepo.

Titatulukira pansi, azakhali ako anatiyang'ana, manja anga akadali pamapewa a anzawo, n'kunena kuti tinakwera ngati alendo koma tatsika ngati sitima. Anafunsanso ngati pali bogi yotsala yoti iwo akweremo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkadzuka woyamba. Tinapita ku Caernarfon, komwe kulinso linga lina, ndipo ndinakwera khoma lake mpaka pakati n'kunena kuti pamenepo mpokwana. Tinakwera sitima ya malasha ku Porthmadog, mwaye n'kundilowa m'diso, ine ndili pazenera ngati mwana. Ku Criccieth tinagula nsomba ndi tchipisi, ndipo mbalame ya kunyanja inandilanda nsomba yonse m'manja ndisanalume n'komwe. A Olwen anandigawira yawo. Azakhali ako anati mbalameyo inaona kuti maso anga sali pansomba.

Lachitatu kunagwa mvula, ndipo azakhali ako anadwala mapazi mwadzidzidzi. Anati tipite awiri, iwo atsala ndi nkhosa. Tinayenda m'tauni ya Porthmadog ndi ambulera imodzi, kenako tinalowa m'kanyumba ka tiyi pafupi ndi doko.

Pamenepo a Olwen anandifunsa chinthu chimene palibe amene wandifunsa zaka zonsezi. Anati, “A Emrys, kodi akazi anu a Glenys anali munthu wotani?”

Ukudziwa mmene anthu amachitira. Amalilambalala dzina la amayi ako ngati dzenje la pamsewu, poopa kundiliza. Koma iwo anafunsa, ndipo ndinalankhula mpaka tiyi anazizira. Ndinawauza za kupsa mtima kwawo, za maluwa awo, za mmene ankakuchapira zovala za mpira akung'ung'udza koma akunyadira. Nawo anandiuza za amuna awo a Aled, kuti mpaka lero nthawi zina amatulutsa makapu awiri mosadziwa. Tinalira pang'ono, tinasekanso kwambiri, mpaka mtsikana wogulitsa anatibweretsera tiyi wina osatifunsa.

Tsopano ndafika pa tsiku lomaliza.

Kunacha bwino, dzuwa lili phwee. Tinapita kugombe lina kupitirira Porthmadog, komwe magalimoto amalowa mpaka pamchenga. Tili pachipata ndinapempha makiyi. Ndinati pamchenga pamafunika munthu wodziwa chiwongolero. A Olwen anandipatsa. Ndinadutsa pamene anthu onse anzeru anaimika, n'kupita kumapeto kwenikweni, pafupi ndi madzi, ati kuti achemwali asayende mtunda ndi mapazi awo odwala aja. Zoona zake ndinkafuna kudzionetsa.

Tinayala bulangete, tinadya masangweji. A Olwen analowa m'nyanja n'kusambira ngati mtsikana, madzi ozizira choncho. Ine ndinapinda buluku n'kuviika mapazi. Kenako tonse atatu tinagona pabulangete, dzuwa likutiwotcha bwino, tulo n'kutiba.

Anandidzutsa ndi azakhali ako ndi chigongono, akunena kuti nsapato zawo zikupita ku Ireland. Madzi a nyanja, amene anali ataphwera pamene tinkafika, anali atabwerera mpaka pagalimoto. Ndinathamangira m'galimoto, ndinaliza injini, ndinaponda mafuta. Matayala anangozungulira pamodzimodzi, akukumba. Ndinapondanso, ngakhale ndikudziwa bwino kuti zimenezo ndiye zolakwika, galimoto n'kukhala pansi ndi mimba.

Anthu anathamanga kuchokera mbali zonse. Wina anabwera ndi fosholo ya ana, ena anayala matawulo pansi pa matayala, wina anathamanga kukaitana thirakitala. Mayi wina wachitsikana anandichotsa pachiwongolero mwaulemu, n'kunena kuti ndikathandize kukankha. Azakhali ako anaimirira pouma atanyamula basiketi, akuuza gombe lonse kuti mlongo wawoyo ndi dalaivala wopuma pantchito, wa mendulo.

Ndinapezeka kumbuyo kwa galimoto, phewa ndi phewa ndi a Olwen. Funde linabwera n'kutimenya m'mawondo. Ndinatembenuka kuti ndipepese, chifukwa galimoto ndi yawo ndipo nyanja inali pafupi kuimeza chifukwa cha matama anga. Ndinawapeza akuseka. Mchenga uli kumaso konse, tsitsi lili nyowee, akuseka mpaka kulephera kukankha.

Mared, sindinakonzekere. Sindinaganizepo usiku wake kapena m'mawa wake. Mawu anangotuluka okha. Ndinati, “A Olwen, mungalole kuti ndikukwatireni?”

Anasiya kuseka. Funde lina linatimenyanso. Kenako anati, “A Emrys, kankhani galimoto kaye.”

Ndinakankha ngati mnyamata. Thirakitala inafika, anamanga chingwe, kagalimoto kaja kanatuluka m'dzenje kakudontha madzi, anthu akuomba m'manja. Amakaniko akuti kachira, usade nkhawa. Pobwerera ndinakhalanso kumbuyo ndi zikwama, osatsutsa, ndipo munjira monse palibe analankhula. Ngakhale azakhali ako anali duu, chinthu chimene sichinachitikepo chibadwire chawo. Ndinkati ndawononga zonse, ndi ubwenzi womwe.

Madzulo, dzuwa lisanalowe, a Olwen anandipeza nditakhala pakampanda ka miyala kunja kwa kanyumba. Anakhala pambali panga n'kunena kuti funso lija analimva, ndipo safuna kundizunza ndi kudikira. Anati mtima wawo unavomera kale tili pamasitepe a nsanja ija. Ndinafuna kudumpha, osalabadira za bondo lija. Koma anandigwira mkono.

Anati, “Muli ndi mwana wamkazi amene anasiya ntchito ndi ana ake kudzasamalira amayi ake mpaka tsiku lomaliza. Ine sindilowa m'nyumba imene iye anakuliramo ngati mbala. Mumuuze nokha, ndi pakamwa panu. Akavomera, ndine wanu. Akafuna nthawi, tidikira, tizingopita kukaona malinga a miyala aja.”

Ndiye ndi izi, mwana wanga. Ndakuuza.

Ndikukumbukira zimene unandipempha pa tsiku lobwerera ku Canada, kuti ndisasinthe kanthu m'nyumba muno. Sindinasinthe. Chipewa cha amayi ako chikadali kuseri kwa chitseko, ndipo maluwa awo ndimawathirira. Palibe amene adzalowe pamalo pawo, kwa ine kapena kwa iwe, ndipo a Olwen sakufuna malo amenewo. Nawo ali ndi wawo amene amamulira.

Koma ndikuuze zoona, ine ndasangalala. Ndimadzuka m'mawa ndikuimba mluzu. Ndagula nsapato zoyendera m'mapiri. Ndabwerera kukwaya, ndipo akuti besi yanga sinachite dzimbiri kwenikweni. Ndinkaganiza kuti zanga zinatha, chatsala n'kudikira, koma taona mkulu wa imvi akuchita manyazi ngati mnyamata wa sukulu.

Ngati nkhaniyi yakupweteka, usabise. Undikalipire ine, ulire, utenge nthawi imene ukufuna. Ndine bambo ako, ndipirira. Koma ngati mtima wako ungalole, ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, ulankhule nawo a Olwen, ngakhale pang'ono, uwamve wekha. Chachiwiri, ubwere mu Meyi ndi banja lonse, udzaime pambali panga kutchalitchi. Tidzatenganso kanyumba komwe kaja sabata yathunthu. Ndikufuna Nia ndi Osian adzakwere nsanja ija, adzadye ayisikilimu ku Criccieth, adzathamange pamchenga. Galimoto tidzaisiya kumsewu.

Azakhali ako avomera kuti mapazi awo sanadwalepo, ndipo zonsezi anazikonza kuyambira pa Khirisimasi. Agula kale chipewa cha ukwati. Ndawauza kuti asachichotse m'bokosi mpaka iwe utalankhula.

Lachisanu lililonse a Olwen amabwera kudzanditenga popita kukwaya. Amaima pageti n'kuliza hutala. Ndawaitanapo kuti alowe adzamwe tiyi, ngakhale tsiku la mvula, koma amangopukusa mutu akumwetulira, n'kunena kuti geti limenelo lili ndi mwini wake, ndipo ali ku Canada.

Undiperekere moni kwa a Graham, uwauze kuti ndikufuna adzandithandize kusankha suti, chifukwa azakhali ako akufuna kundiveka ngati keke. Uwapsompsone adzukulu anga. Moni winanso wochokera kwa azakhali ako, kwa abusa, ndi kwa a Pugh oyandikana nafe, amene amakufunsa nthawi zonse.

Mulungu akusunge iwe ndi nyumba yako yonse, akupatse mtendere powerenga mawu awa.

Ndine bambo ako okukonda,
Emrys