Za Chipinda Chachinayi cha Nyumba Yachitsanzo

BUNGWE LA ALIMI LA TIYESEKO

Msonkhano wa komiti, Loweruka pa 14 Sepitembala 1957, m'kalasi ya sukulu ya mpingo kufupi ndi Palabana. Unayamba 2 koloko masana.

Opezekapo: a Tenson Njobvu (Wapampando), a Matthias Daka (Mlembi), a Peterson Chipungu, a Teddy Ngoma, a Lyford Sakala. Alendo: a Langford Mvula, mlangizi wa zaulimi, Mai Olipa Miti, mzamba.

Osapezekapo: a Abson Zimba. Sanatumize mawu.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula ndi pemphero. Zolembedwa za msonkhano wa mu Juni zinawerengedwa ndi kuvomerezedwa. Wapampando anati Mai Miti si membala, koma popeza anapempha kulankhula, komiti yawalola. Mai Miti anati sanapemphe, anangobwera.

2. Lipoti la tsiku loonetsa nyumba

Pothandiza odzawerenga m'tsogolo, mlembi ayamba wafotokoza chiyambi. Chaka chatha ofesi ina ya ku Lusaka yolimbikitsa nyumba zamakono inapatsa bungwe lino malata, simenti ndi mawindo agalasi a nyumba imodzi yachitsanzo. Komiti inasankha a Sakala chifukwa ndi odziwa kuumba ndi kuwotcha njerwa. Iwo anamanga zipinda zinayi ndi chumuni. Pangano linali lakuti nyumbayo izitsegulidwa kawiri pachaka kuti anthu azilowa ndi kuona zipinda zonse, ndipo zikayenda bwino mamembala enanso adzalandira malata.

A Mvula, amene anatsogolera alendo pa 17 Ogasiti, anati kunabwera malole awiri ochokera ku Lusaka, mzungu wa ku ofesi, ndiponso anthu a m'midzi mpaka a ku Kanakantapa. Anati alendo anayamikira chumuni ndi pansi pa simenti, ndipo mzungu anagogoda khoma ndi ndodo yake nati ndi lolimba. Anati kunena za ntchito, tsikulo linayenda bwino.

Wapampando anafunsa ngati lipoti lilandiridwe. Mai Miti anaimirira.

3. Nkhani ya chipinda chogona

Mai Miti anati lipotilo lasiya chipinda chimodzi. Anati Mai Nelesi, akazi a a Sakala, anachira mwana wawo woyamba m'sabata yomweyo, ndipo tsiku loonetsa nyumba anali akadali m'chikuta. Mlembi afotokozeko kuti mwa mwambo wathu mai ndi khanda amabindikira mpaka mchombo utagwa, ndipo salowako munthu koma amai owasamala. Kale Mai Nelesi akanabindikira m'nyumba yawo yakale yaudzu, koma inagwetsedwa mu Julaye pa malangizo a a Mvula, kuti alendo asaone chakale pambali pa chatsopano. Amai a Mai Nelesi ali kutali, ku Katete.

Mai Miti anati m'mawa mwake anatseka chitseko cha chipindacho naikapo mtondo, chizindikiro chimene ngakhale mwana amachidziwa. Iwo atapita kukatunga madzi, mtondo unachotsedwa.

A Mvula anavomera kuti anauchotsa ndiwo. Anati windo lotseguka ndi chogwirira lili m'chipinda chokhacho, ndipo mzungu anafuna kuphunzitsa anthu za mpweya wabwino. Anati: "Nikanamuuza chani? Kuti pano pali mtondo, bwererani ku Lusaka?"

Mai Miti anayankha kuti: "Mukanamuuza kuti muli munthu. Chizungu chanu chonse chija, mawu awiri amenewo anakusowani?" Anati anthu analowa mondondozana, ndi nsapato, ena akutsokomola, amuna ndi anyamata omwe, aliyense kuyesa kutsegula ndi kutseka windo. Mai Nelesi anatembenukira kukhoma atafunda bulangete kumutu, khanda lili pachifuwa, mpaka womaliza anatuluka.

Mwanayo anamwalira sabata yotsatira. Akuluakulu akuti ndi tsempho, chifukwa anthu otentha anamudutsa asanakhwime. Wothandiza pa chipatala chaching'ono akuti ndi chibayo. A Ngoma anafuna kuti komiti inene chimene chili choona. Wapampando anati komiti si sing'anga. Mlembi angolemba kuti mbali zonse ziwiri zikugwirizana pa chinthu chimodzi: chitseko chija sichinayenera kutsegulidwa.

A Chipungu anati mlandu usagwere a Mvula okha. Anati posankha tsiku mu Juni, aliyense m'chipinda chino anali ataona kuti Mai Nelesi ndi oyembekezera, koma mwamuna satchula pakati pa mkazi wa mnzake, ndipo mwini wake salengeza pabwalo. Anati: "Tonse tinakhala chete mwaulemu, ba Wapampando. Ulemu wathu ni uja tinauona."

Mai Miti anati m'komiti mukanakhala mkazi mmodzi yekha, tsikulo likanasunthidwa popanda wina kutchula kanthu. Wapampando anati mfundo imeneyo siili pa ndandanda ya lero.



4. Tsiku lachiwiri loonetsa nyumba

A Mvula anati ofesi yasankha Loweruka pa 5 Okutobala, ndipo kudzabwera alendo ambiri kuposa poyamba. Anati nyumba ikapanda kutsegulidwa, malata adzakhululidwa mvula isanayambe, ndipo bungwe lino lidzachotsedwa pa mndandanda.

Apa a Sakala anaimirira. Anati kuyambira tsiku limene amai anakataya mwana, akazi awo sanapondemo m'nyumbamo. Akugona m'chisakasa chophikira, ndipo iwonso akugona komweko. Anati Mai Nelesi anena mawu amodzi okha: akadzaonanso lole itaima pakhomo, kapena akangomva kuti komiti yavomera, adzabwerera kwawo ku Katete. A Sakala anapempha kuti chaka chino chokha nyumba isaonetsedwe. Anati: "Malata nimawafuna, sininama. Koma sininakwatire malata."

A Ngoma anati akumva chisoni ngati wina aliyense, koma iwo anawotcha kale njerwa, makoma afika pamutu, ndipo nyumba yawo yakale anaigwetsa monga analangizidwa. Ali ndi ana asanu, ndipo mitambo yayamba kusonkhana. Anati mabanja ena atatu ali chimodzimodzi. Anafunsa kuti: "Ise mvula tidzaiuza kuti iyembekeze maliro athe?" Wapampando anawapempha kubweza mawuwo. Anawabweza, koma anati funso likhalebe.

A Chipungu anati dziko lino makolo awo anakhalamo ndi udzu pamutu osafa, ndipo udzu ukadalipo kudambo. A Ngoma anati a Chipungu akutero chifukwa denga lawo silidontha.

A Mvula anati pali vuto linanso: amva kuti a Sakala atseka khomo la chipinda chija ndi njerwa. A Sakala anavomera, nati windonso alitseka, ndipo apaka dothi bwinobwino. A Mvula anati pangano likunena zipinda zinayi, choncho njerwazo zigumulidwe. A Sakala anati: "Ine niumba, sinigumula. Amene anachotsa mtondo abwere na nyundo yake." Wapampando anafunsa ngati alipo wodzipereka kukagumula. Panalibe.

Mfundo inaikidwa motere: nyumba itsegulidwe pa 5 Okutobala, alendo aone zipinda zitatu, ndipo wofunsa za chachinayi adzayankhidwe ndi a Mvula. Ovomera atatu. Wokana mmodzi, a Chipungu. A Sakala sanakweze dzanja. Mfundo inadutsa.

Mai Miti anafunsa ngati zatha. Atauzidwa kuti zatha, anati Mai Nelesi akhala pansi pa mtengo wa mpundu kuseri kwa sukulu chiyambire msonkhano, ndi mtolo wawo womangamanga, kudikira yankho. Anafunsa kuti ndani mwa azibambo akawauze. Kenako Mai Miti anatuluka okha.

5. Zina ndi zina

A Sakala anapempha zinthu ziwiri. Choyamba, anati popeza khanda lotere limaikidwa ndi amai okha, lopanda dzina ndiponso popanda kulira mokweza, palibe pena pamene lidzatchulidwe. Anapempha kuti zilembedwe kuti anali mwana wamkazi. Komiti inavomera, ndipo zalembedwa: anali mwana wamkazi.

Chachiwiri, anapempha kuchoka msonkhano usanathe, kuti akanyamulire akazi awo mtolo mpaka kumsewu waukulu, kumene amakwerera malole opita kummawa. Wapampando anafunsa ngati iwo abwerako. A Sakala anati sadziwa. Anaika kiyi wa nyumba patebulo natuluka.

Wapampando anapempha a Mvula kusunga kiyiyo. A Mvula anati ndi wa bungwe. A Ngoma anati iwo alibe thumba labwino. Kiyi ali ndi mlembi, ndipo amene adzatsegule nyumbayo pa 5 Okutobala adzamupeze kusukulu.

6. Kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala Loweruka pa 12 Okutobala 1957, malo omwewa. Wapampando anapempha a Chipungu kutseka ndi pemphero, koma iwo anati lero apemphere wina. Wapampando anapemphera mwachidule. Msonkhano unatha 4 koloko madzulo.

Tenson Njobvu, Wapampando

Matthias Daka, Mlembi