Nthambi za maliro pamsewu wathu

Lachinayi, 7 Ogasiti. Kwazizira, ndipo mtima wanga suli m'malo.

M'mawa wokha ndinawerenga njinga zamoto khumi ndi zinayi zothamanga pakhomo pathu. Amayi saona bwino, koma tsiku lililonse amawoloka msewuwu kupita kudimba. Dzulo wakabaza wina anawagwetsera ndodo.

Choncho ndinathyola nthambi zisanu za mango n'kuziyala pamsewu monga timachitira pa maliro. Zinathandiza. Onse anachepetsa liwiro, wina mpaka anavula chipewa. Koma masana NyaJere wa nyumba yoyandikana nafe analowa akulira, n'kupeza Amayi akusenda mtedza.

"A Banda, mbwenu mukuika amama ali moyo?" anandifunsa.

Pofika madzulo nthambi zonse zinali zitasowa. NyaJere akuti zadyedwa ndi mbuzi. Ndi mbuzi yanji yosasiya ngakhale tsamba limodzi? Mwamuna wake amayendetsa kabaza, sindinaiwale.

Amayi akuti ndawaitanira imfa. Akuti mawa awoloka okha, dzanja langa sakulifunanso. Ndidzuka iwo asanadzuke, ndikaime pakati pa msewu ndekha, ndione ngati mbuziyo idya ndi ine ndemwe.