Manja a Esitere pa Chithunzi cha Rozina

Loweruka, Okutobala 1993. Kwatentha, koma mtima uli phee.

M'mawa asisitere anatuma uthenga kuti ndikaweruze mpikisano wa zithunzi wa achinyamata awo, aja ochedwa kugwira zinthu m'mutu. Anawabwereka kamera m'nyengo yosankha fodya, ndipo zithunzi zabwera dzulo kuchokera ku Harare. Ndinavomera chifukwa m'nyumba muno mwangoti zii.

Panali zithunzi za thirakitala, nkhuku, mapazi a foromani. Kenako cha Rozina, mmodzi wa achinyamatawo: manja awiri akusalaza tsamba la fodya mu shedi, nkhope osaoneka. Chipsera cha pachala ndinachizindikira. Anali malemu mkazi wanga Esitere, amene sankalola kujambulidwa.

"Nanga nkhope bwanji?" ndinafunsa.

"Anakana, aphunzitsi," anatero Rozina. "Anati tenga manja, ndiwo akugwira basa."

Mphoto yoyamba ndapereka kwa amene anajambula thirakitala, poopa kukondera. Mwina ndamulakwira Rozina, pakuti chake chinaposa zonse.

Zovala za Esitere abale ake anagawana maliro atatha. Chimene ndili nacho tsopano ndi chithunzi ichi, ndipo Rozina wandibwereka mpaka Lachitatu basi.