Phewa la Atate ndi Lata Lija

Achimwene,

Muli bwanji ku Kitweko ndi alamu? Kuno tilipo, koma atate avulala.

Sabata yatha ankachokera ku boma panjinga, dzanja limodzi litagwira lata la pakhitchini. Mphepo italiwomba anakana kulisiya, phewa n'kuguluka. Kuchipatala analibwezera, anawakoleka mkono m'nsalu, n'kuwauza kuti apume mwezi wathunthu.

Dzulo ndinawapeza akukumba mtedza, nsalu ija atamanga kumutu. Akuti, "Mtedza sukudziwa kuti ndavulala." Lero mkono ukukanika kukwera, ndipo wowathowa ndi madzi otentha ndine.

Ndatopa, achimwene. Chonde aimbireni foni, mwina inu akumverani. Ine ndikalankhula amati ndine mwana, chonsecho malaya ndikuchita kuwaveka ndine.

Mulungu akusungeni nonse.

Mlongo wanu,
Tisauke