Singano ya pa Botolo la Chechi Thankamma

Aphungu,

Ndine namwino m'wodi ya makanda pa chipatala china cha mishoni. Anandiphunzitsa ntchito ndi a Thankamma, amene tonse timangowatchula kuti Chechi, kutanthauza achemwali aakulu m'chinenero cha kwathu kuno. Ndinafika m'manja mwawo ndili kamtsikana kophonya mtsempha kawiri katatu. Masiku amenewo majakisoni anali agalasi, tinkawawiritsa mumphika. Masana tinkadya chinangwa ndi nsomba ya tsabola pakhonde, mvula ikuchita phokoso pamalata. Ndimawasowa masiku aja. Tsiku lina ntchentche inatera pamphika uja, Chechi n'kuyambiranso kuwiritsa zonse. Nditang'ung'udza anati, "Watopa eti, mwana wanga? Ukadzaikitsa mwana wa eni m'manda, m'pamene udzakudziwe kutopa."

Vuto langa ndi ili. Kuyambira kale, Chechi amabaya singano imodzi pachivindikiro cha botolo lalikulu la dilipi, n'kuisiya pomwepo tsiku lonse ataikuta ndi thonje. Tonse timatunga pamenepo madzi otsukira timapaipi ta m'mitsempha ya ana. Amati kutsegulira mwana aliyense botolo lake n'kusakaza. Mwezi uno makanda atatu anatentha thupi, ndipo a kulabotale apeza kachilombo kamodzimodzi m'magazi mwa onsewo. Mmodzi watisiya. Nditafufuza m'mafailo ndapeza kuti onse anatsukiridwa ndi mabotolo a katoni imodzi, mwa njira ya Chechi ija.

Chechi akupuma ntchito pakatha milungu itatu, ndipo sari yowatsanzikira, nsalu imene amayi amavala kwathu kuno, tagula kale. Ndikalemba lipoti, dzina lawo lituluka. Mtima ukundiwawa. Kodi ndidikire achoke kaye?

L.V., Thiruvalla

A L.V.,

Ayi, musadikire. Inenso anamwino akale aja ndimawakumbukira ndi chikondi, ankakukalipira uku akukufunditsa bulangete. Koma singanoyo izulidwe lero lomwe, ndipo mwana aliyense akhale ndi botolo lake.

Mabotolo otsala m'katoni ija musataye, musagwiritsenso ntchito. Lembani nambala imene ili papepala lomatidwa pabotolo, kenako tumizani kulabotale botolo lobayidwa singano lija pamodzi ndi angapo osatsegula. N'kutheka kuti wolakwa si Chechi, madziwo anachoka kufakitale ali oipa kale. Ngati ndi choncho, makatoni anzake ali m'zipatala zina, akulowa m'mitsempha ya ana amene inu simudzawaona. Lembani mwana aliyense, tsiku limene anatsukiridwa ndi tsiku limene anatentha thupi. Lipotilo mupereke kwa dokotala wamkulu, ndipo muonetsetse kuti lafika ku ofesi ya zaumoyo ya boma.

Musanapereke, pitani kwa Chechi ndi kapu ya tiyi, muwaonetse mapepalawo pamaso. Mwina akalipa, mwina alira, apatseni mpata. Mayi amene anawiritsanso mphika wonse chifukwa cha ntchentche imodzi angathe kukulandani cholembera n'kusaina poyamba iwowo. Musawamane mwayi umenewo.

Koma chenjerani: akakana, perekanibe tsiku lomwelo, sari idikire m'kabati. Kwa inu ndi Chechi milungu itatu ndi yochepa. M'wodi mwanumo mwagona makanda amene sanakwanitse n'komwe milungu itatu padziko.